Tsiku Losudzula a Evaristo

"Mtondo uwu wauika pano ndani?"

A Evaristo Mbewe anafunsa atagwada pafumbi, dzanja litagwira msongolo umene unayamba kuchucha magazi. Mtondowo unali pamene amayi okhuza maliro anausiya dzulo lake, pakati penipeni pa bwalo, poyera poti ngakhale mwana wokwawa akadaulambalala. Koma mkuluyo anauwomba dzuwa likuswa mtengo, ngati panalibe kanthu.

Linali tsiku lachiwiri chiikire m'manda akazi awo, a Nankhoma, amene ku mishoni ya Nambuma anawabatiza dzina loti Anastazia. Chinali chaka cha 1946, mwezi wotentha wa Okutobala. Anthu akutali anali atayamba kubalalika, koma pakhonde panatsala amayi angapo akutongola chimanga.

"Ndi chisoni chimenecho," anatero mmodzi. "Chimazunguza mutu."

"Akadakhalapo eni ake, bwenzi pano mudzi wonse utamva," anatero wina. Ndiye anakweza mawu kuyerekeza malemu: "Mtondo uwo, a Mbewe! Maso muli nawo a chiyani? Dzerani cha kumanja uko!"

Amayi anaseka, ena akupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu. Kunena zoona, a Nankhoma anali ndi pakamwa, ndipo zaka zomalizirazi ndiye zinachita kunyanya. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa mawu awo anali pa amuna awo basi: chitsa icho, dzenje ilo, weramani denga ilo, nkhuku iyo muiponda. Popita kutchalitchi iwo patsogolo akulongolola njira yonse, amuna awo pambuyo ali phee. Adzukulu okumba manda anachita kuwayerekeza mpaka kumanda komwe, anthu n'kumaseka ali m'kati molira. Ambiri ankawamvera chisoni a Evaristo, ati munthu wofatsa chonchi anagwa m'manja mwa mkazi wosatseka pakamwa.

Rozaria, mwana wawo yekhayo amene anatsala ndi moyo, sanaseke nawo. Anatunga madzi m'chikho, napita kukagwada chapatali monga amachitira mwana wamkazi kwa atate ake, maso pansi, manja onse awiri atatambasula.

"Madzi awa, atate, mutsuke balalo."

A Evaristo anatambasula dzanja. Linapita cha kumanzere kumene kunalibe kanthu, n'kufumbata mphepo. Analibweza msanga, nakhosomola.

"Sendeza pafupi, mkono ukuwawa."

Rozaria sanasendere. Anangoyendetsa chikhocho pang'onopang'ono kuchokera kumanja kupita kumanzere, osatulutsa mawu. Kenako anachita chinthu chimene anali asanachitepo chikhalire namwali: anadzutsa mutu n'kuwayang'ana atate ake kumaso. Masowo anali oyera bwinobwino, opanda ng'ala, koma sanatsate chikho. Ankayang'ana pamwamba pa phewa lake, kumene kunali nkhokwe. Rozaria anapendeketsa chikho osadziwa, madzi ena n'kutayikira pansi.

Anawagwiritsa chikho m'manja, nadikira kuti amalize kutsuka.

"Tiyeni kuseri kwa nkhokwe, atate, kuli mthunzi wabwino."

Kumeneko a Evaristo anayenda okha osapunthwa, poti palibe amene anasunthako kanthu. Anakhala pa chipika chawo, Rozaria nakhala pansi chapatali.

"Atate, zinayamba liti?"

"Ziti?"

"Maso."

Nkhuku zinkapalasa pansi pa nkhokwe, kukhonde kuja amayi anali atayamba nkhani ina.

"Chaka chimene amuna ako anapita ku Joni," anatero a Evaristo potsiriza. "Linayamba la kumanzere. Kunkabwera ngati utsi m'mbalimu, n'kumasendera pakati. Tsopano ndimangodziwa kuti kwacha kapena kwada. Iwe apo sindikukuona, ndikungomva kupuma kwako."

"Zaka zinayi, atate! Ine ndili pamudzi pompano, nyumba yanga iyo?"

"Ukadadziwa bwanji? Amako anali ndi nzeru. Anati, 'A Mbewe, anthu akadziwa akulandani khasu, akukhazikani pakhonde kuti muzipirikitsa nkhuku pa ufa, azikudyetsani ngati mwana. Inu simungapirire zimenezo, ndimakudziwani. Ndisiyireni ine. Akandinena kuti ndine wolongolola, anene.'" Anaseka pang'ono, kusekako n'kuthera pakhosi. "Ndipo anawanenadi."

Rozaria anagwira pakamwa. Anakumbukira Pasaka wa chaka chatha, pobwera kutchalitchi, pamene iye mwini anawakokera amake pambali n'kuwauza kuti akuwachititsa manyazi atate pagulu. Amake anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Samala za kunyumba kwako." Iye anakwiya sabata yathunthu osapondako. Tsopano analira, kulira kwenikweni, koposa kumene analira kumanda, chifukwa kumanda ankalira amake amene ankawadziwa.

"Usauze munthu, Rozaria," anatero atate ake. "Mawa andimete, andiuze zimene andiuze, koma ndikhale pamaso pawo ngati mwamuna. Wamva?"

"Ndamva, atate."

Mawa limenelo ndilo linkamudya mumtima. Kwathu kuno mwamuna amakwatira kwawo kwa mkazi. Amamanga nyumba pa dothi la mkazi, amalima munda wa mkazi, ana amene wabereka ndi a mbumba ya mkazi. Iye ndi mkamwini, mlendo, ngakhale imvi zimumerere pomwepo. Mkazi akamwalira, abale a mkaziyo amamusudzula, ndiye kuti kumuthokoza, kumumasula, n'kumupereka m'manja mwa abale ake kuti abwerere kumene anachokera. Nyumba ya malemu amaigwetsa. Alipo ena amene amawasiya kuti akalambire pakati pa ana awo, koma chimenecho chimakhala chifundo cha eni mudzi, munthu sangachiumirize.

A Evaristo anabwera pamudzipo zaka makumi anayi ndi zisanu zapitazo, ali mnyamata, atanyamula nkhwangwa ndi mphasa. Kwawo kunali cha ku Nsaru. Koma kwawoko kunali kuti tsopano? Pamene panali mudzi wa amayi awo panali pataima zigafa za fodya za esiteti ya mzungu. Alongo awo onse anatha. Amene anatsala anali Gilbert, mwana wa mlongo wawo wotsiriza, tenanti pa esiteti yomweyo, wokhala m'kanyumba ka udzu ndi mkazi ndi ana asanu. Gilbert anafika pamaliro mapazi atatupa ndi ulendo. Kapitawo anamupatsa masiku asanu okha, poti mbande za fodya panazale zimafuna madzi tsiku ndi tsiku, ndipo zoti angabwerenso pa kumeta kwachiwiri pakatha miyezi ananeneratu kuti sizingatheke. N'chifukwa chake akuluakulu anagwirizana kuti nkhani yosudzula ithere limodzi ndi kumeta koyamba.

M'mawa mwake anasonkhana pansi pa mkuyu, amuna pa zipika, amayi pa mphasa. Lumo linayenda mutu ndi mutu, kuyambira a Evaristo mpaka tiana ta Rozaria, tsitsi n'kumagwera pafumbi, loyera ndi lakuda pamodzi. Atatha kumeta, onse anayang'ana kwa a Paulo.

A Paulo anali mlongo wa malemu, mwini mbumba. Nawonso ukalamba unali utawagwira, iwo unawayambira m'mawondo. Anafika pamkuyupo ndi ndodo ziwiri, akupumula katatu pa kamtunda koti mwana angaponye mwala. Iwo ndi a Evaristo anatha zaka makumi atatu akusewera bawo pansi pa mtengo womwewo, akunyozana ndi kuberana nkhomo, mpaka tsiku lina a Nankhoma analetsa amuna awo, ati bawo ndi la anthu aulesi. A Paulo anakhumudwa kwambiri nthawi imeneyo, mwezi wathunthu osalankhula ndi mlongo wawo.

"Alamu," anayamba a Paulo, "mwakhala nafe nthawi yaitali. Ana amene ankayamwa tsiku limene munabwera, lero ali ndi zidzukulu. Ndiye nkhani iyi tisaithamangire ayi."

"Achimwene, pepani, ndilankhuleko."

Anali a Ezeliya, mng'ono wa malemu, mayi wosabisa mawu. Anakonza nsalu paphewa.

"Palibe pano amene akudana ndi alamu athuwa. Atisungira mkulu wathu mpaka tamuika. Koma mwambo ulipo, ndipo mbale wawo wabwera. Akadakhala munthu wogonera pamphasa, bwenzi tikuti awa tiwatumize bwanji? Koma taonani nokha, munthu ali ndi mphamvu zake, khasu amaligwira kuposa anyamata. Kumene akupitako akalima, akadya, ndipo a Gilbert apeza wowathandiza pa fodya. Munda wa malemu ubwerere ku mbumba. Loyce wanga wakwatiwa chaka chino, iye ndi mwamuna wake akulimbirana ndi ine kamunda kamodzi. Kodi ndanama?"

"Simuname, mayi," anatero Gilbert, akusisita mapazi ake otupa. "Kwathu uko chimene chimasowa ndi manja. Amalume akabwera, nyengo yothyola fodya ndipumako."

Mitu inayamba kugwedera, kuno ndi uko. Rozaria anayang'ana atsibweni ake a Paulo. Iwo anali ataweramitsa mutu, akulemba pansi ndi ndodo. Anayang'ana atate ake. Anali atakhala mowongoka, manja pa mawondo, mutu wometedwa kumene ukuwala, nkhope atalozetsa kumene kunkachokera mawu ngati munthu woona. Iye anawaona m'maganizo mwake ali pakati pa munda wa fodya wa eni ake, kapitawo akukuwa, iwo osadziwa kumene kuli njira. Mantha anamugwira, lonjezo la dzulo lija osalikumbukanso.

"Saona!"

Mawuwo anatuluka okha. Rozaria anapezeka atagwada pakati pa bwalo.

"Atate saona, atsibweni! Zaka zinayi tsopano. Kulongolola konse kuja amayi ankawauza poponda. Mphamvu zimene mukunenazo ndi za pamudzi pano, pamene mapazi awo amadziwa mwala uliwonse. Mukawachotsa pano mwawapha. Dzulo lomweli agwa pa mtondo masana, nonse munaona. Chonde, atsibweni, achitireni chifundo!"

A Ezeliya anagwira kumutu ndi manja onse awiri.

"Mayo ine, achemwali anga! Ine n'kumawaseka!"

A Paulo anasiya kulemba pansi. Anayang'ana mlamu wawo nthawi yaitali.

"Alamu, n'zoona zimenezi?"

A Evaristo sanasunthe. Koma mapewa aja anatsika, ndipo anthu onse anaona nkhalamba imene anali asanaionepo.

"N'zoona."

"Ndiye bawo lija..." A Paulo sanamalize. Anapukuta nkhope ndi chikhatho, kawiri, katatu. Rozaria ataona misozi ya atsibweni ake mtima unakhala pansi, anati basi, atate atsala. Abale, mwana wa eni ake anaganiza kuti wapambana.

"Iwe Rozaria, wandipweteka," anatero a Paulo. "Ine ndinabwera pano ndi mawu ena m'kamwa. Ndimati ndiwasiye a Ezeliya amalize, kenako ndinene kuti alamu anga akhale, tiwamangire kanyumba pafupi ndi kanga, munda tiudule pakati, kwina iwo, kwina Loyce. Munthu wodziyendera yekha savuta kusunga. Koma tsopano ndikufunse, pamaso pa anthu awa. M'mawa uliwonse amako ndiwo ankawatsogolera kuthengo, eti? Tsopano adzawatsogolera ndani? Kudambo kokasamba adzawaperekeza ndani? Tsiku limene adzadwale, adzawavula ndani, adzawatembenuza ndani?"

"Ine."

"Aaa! Mwana iwe!" amayi anakuwa pamodzi.

"Ine, atsibweni. Ndidzayang'ana kumbali."

"Mwana wamkazi kuvula atate ake? Unazionapo kuti?" A Paulo sanakalipe, ankalankhula ngati munthu wotopa. "Amuna ako ali ku Joni, kalata yawo yomaliza yatha zaka ziwiri. Ana ako ndi atsikana okhaokha. Alongo ako onse atatu tinawaika kumanda kuja. Ine ndi mawondo awa, kuthengo kwanga komwe ndimapita chokwawa. Amuna otsalawa ndi akamwini, aliyense ali ndi apongozi ake omuyang'ana. Angawagwire dzanja tsiku limodzi, masiku awiri. Nanga chaka? Nanga mvula ikamagwa? Munthu wosaona amafuna mwamuna wa magazi ake, ndipo mwamuna wa magazi awo ndi uyo wakhala apoyo."

Chimene chinkapweteka n'chakuti a Paulo sankanama. Rozaria anayang'ana nkhope ndi nkhope kufuna wina woti atsutse. Amayi anayang'ana pansi. Akamwini anayang'ana kumitengo.

Gilbert anali atasiya kusisita mapazi. Nkhope yake inagwa, ndipo munthu sangamunene: anabwera kudzatenga manja olima, tsopano ankapatsidwa pakamwa pachisanu ndi chitatu m'nyumba ya chipinda chimodzi.

"Ndi amalume anga," anatero motsitsa. "Amayi anga anabadwa nawo mimba imodzi. Ndiwatenga."

"Ayi, asuweni, dikirani. Atsibweni, ine ndingathe, ndikulumbira pamaso pa Mulungu, ine..."

"Rozaria, khala chete!"

Anali a Evaristo. Chibadwire Rozaria anali asanawamvepo atate ake akukweza mawu, ndipo ngakhale tiana tinasiya kusewera.

"Ndinakubereka ine. Sindidzaima wamaliseche pamaso pako, ngakhale maso akowo utawamanga ndi nsalu. Zakwana zimene anthu awa amva lero." Anatembenuzira nkhope kumene kunali a Paulo. "Alamu, ndisudzuleni. Musavutike mtima, wapempha ndine."

Anawasudzula dzuwa lisanafike pamutu. Anaika patsogolo pawo khasu lawo, nkhwangwa, mphasa, bulangete ndi nkhuku imodzi yomanga miyendo. A Paulo ananena mawu ake a mwambo: mwatisungira mlongo wathu bwino, simunatilakwire, lero takumasulani, pitani ndi mtendere. Pa mawu akuti mtendere anakanika, a Ezeliya n'kuwamalizira akusisima. Gilbert anaomba m'manja kulandira.

Masana onse Rozaria anakhala kuseri kwa nyumba yake akukazinga chimanga ndi mtedza za paulendo. Palibe amene anamudzudzula. Akadamudzudzula mwina bwenzi zili bwino. Amayi ankangodutsa n'kumuyang'ana mwachisoni, wina n'kumusiyira nkhuni. Iye ankavundula chimangacho mpaka china kupserera, mutu uli pa chinthu chimodzi: amake anasunga chinsinsi zaka zinayi, akusekedwa ndi mudzi wonse, iye chinamukanika tsiku limodzi.

Atapita kukasiya kambayo anapeza atate ake atakhala pakhomo la nyumba yawo, chikhatho chikusisita khoma. A Paulo anali atadzikoka ndi ndodo zawo kudzakhala pambali pawo. Rozaria anaima pakona osafuna kuwasokoneza.

"Mukadandiuza, alamu," ankatero a Paulo.

"Mukadatani?"

"Bawo silifuna maso. Ndikadamakuwerengerani nkhomo ine."

"Inu? Ndi maso anga awiri munkandibera, nanga ndili chonchi?"

"Wakuba munali inu. Munkabisa ziwiri pansi pa ntchafu, mumayesa sindinkaona?"

Anaseka onse awiri, kuseka kwa nkhalamba kothera m'chifuwa. A Paulo anatambasula dzanja n'kugwira bondo la mlamu wawo, ndipo silinachokepo. Onse ankadziwa kuti ulendo wa ku Nsaru wina sangauyende ndi mawondo otere, winanso sangaubwerere yekha. Rozaria anaika kamba pakhonde n'kubwerera chakumbuyo.

Ananyamuka m'mawa mwake kusanatenthe. Gilbert anasenza mtolo pamutu, nkhuku m'khwapa, dzanja lina litagwira nsonga ya ndodo. Nsonga inayo anagwira a Evaristo. Kanali koyamba kuti mudzi uwaone akutsogoleredwa chonchi, ndipo ambiri anangosuzumira m'makomo osatuluka, kuwachitira ulemu. Pambali pa nyumba ya malemu panali pataima amuna atatu ndi nkhwangwa ndi zingwe, akudikira kuti mwini wake apite kaye. A Evaristo anamva chitsulo chikugunda mwala.

"Phaso lake ndi labwino," anatero osatembenuka. "Ndi la muwanga, ndinadula ndekha. Musaliotche."

Rozaria anawaperekeza, ali pambuyo. Chilankhulire pamkuyu paja atate ake anali asananene naye kanthu. Anadutsa makola a mbuzi, anadutsa chitsime. Nyumba zitatha iye sanathenso kupirira.

"Atate, ndinalakwa."

A Evaristo anayendabe mapazi angapo.

"Unafuna kundisunga," anatero. "Amako akadakukalipira tsiku lonse, madzulo n'kukutumizira ndiwo. Ine kukalipa sindidziwa, ndi ntchito imene ankandigwirira iwo. Usalire m'njira, ana akuona."

Njira ya ku Nsaru inkadutsa m'mphepete mwa minda. Atafika pa chulu china a Evaristo anaima mwadzidzidzi, ndodo n'kumukoka Gilbert. Anapalasa pansi ndi phazi, nalowetsa zala m'dothi lofewa.

"Pano ndi pamunda pathu, eti?"

"Inde, atate."

"Ndinatsala pang'ono kumaliza mizere. Kuyambira pachulu pano mpaka kumsuku uko tinaunda limodzi ndi amako, ine patsogolo, iwo akubwera pambuyo ndi kakhasu kawo, ati akutola zitsotso. Masiku atatu omalizawo anati mutu ukuwawa, ankangokhala pamthunzi n'kumandiuza poyambira. Tsiku lachinayi sanadzukenso." Anapuma. "Ankati m'mudzi monse muno mulibe mwamuna wounda mizere yowongoka ngati ine, ngakhale amaso awiri. Tsiku lililonse ankatero. Tandiyang'anira, Rozaria, Loyce asadzandiseke. Ili bwanji?"

Rozaria anayang'ana. Kuyambira pachulu mizere inali yowongoka ndithu, yokongola, yotalikirana mofanana. Koma atayang'anitsitsa anaona kuti paliponse panali zipsera za khasu laling'ono, pena dothi litakokedwa kuchokera kumanja, pena kuchokera kumanzere, pena mzere wonse utaphwasulidwa n'kuundidwanso. Kupitirira msuku uja kunali mizere ya masiku atatu omaliza, imene khasu laling'onolo silinafikeko. Inali yokhotakhota, ina yolowana, ina yothera pakati pa munda, umodzi utapita chopingasa kudula inzake inayi.

Gilbert nayenso anaona. Anatsegula pakamwa, Rozaria n'kumuyang'ana, iye n'kutseka.

A Evaristo ankadikira, nkhope atakweza, ndodo ili m'manja.

Rozaria anameza misozi kuti isamveke m'mawu.

"Ndi yowongoka, atate. Yonse, mpaka kumapeto."

Nkhalambayo inagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo mapewa aja anakwerako.

"Tiye, Gilbert," anatero. "Dzuwa likukwera."